Mafuta a emu amafewetsa khungu, koma si mankhwala

Kuyambira mwezi wa June kufikira October, mphepo youma ndi fumbi zimatuwitsa khungu la anthu ambiri ku Chipata ndi madera ozungulira. Milomo imasweka, ndipo ku zidendene kumabuka zikang'a. Mwa mafuta odzola ochokera kunja amene amalonda amawatamanda kuti amathetsa vutoli, muli mafuta a emu.

Emu ndi mbalame yosauluka ya ku Australia, yofanana ndi nthiwatiwa, ndipo imatha kutalika mamita 1.9. Mafuta ake amawasungunula ndi kuwayenga mbalameyo ikaphedwa. Anthu a mtundu wa Aborigine, omwe ndi eni nthaka m'dzikolo, akhala akudzola mafutawa kuyambira kale. Masiku ano mbalameyi imawetedwanso ku America ndi ku India.

Khungu limatuwa likataya chinyezi. Mafuta a emu amaphimba khungu kuti chinyezicho chisathe msanga, motero limakhala lofewa ndi losalala, ndipo kuyabwa kobwera kaamba ka kuuma kumachepa. Mbali yaikulu ya mafutawa ndi oleic acid ndi linoleic acid.

Zinthu ziwirizi zimapezekanso zochuluka m'mafuta a nshawa, mbewu imene chigawo cha kum'mawa chimatchuka nayo, ndiponso m'mafuta a njere za malambe, omwe mitengo yake yachuluka m'chigwa cha Luangwa. Makolo a Achewa nawonso ankakazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa m'madzi, kenako n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba kuti azidzola. Choncho banja losowa ndalama zogulira mafuta a emu silimanidwa kanthu kwenikweni.

Vuto lagona pa zimene ogulitsa ena amalonjeza, zakuti mafutawa amachiritsa nyamakazi, zilonda zamoto, matenda a shuga ngakhalenso khansa. Kafukufuku wambiri wokhudza mafutawa anachitika pa makoswe, ndipo amene anachitika pa anthu ndi wochepa. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, silinavomereze mafutawa ngati mankhwala a matenda alionse. Kuno ku Zambia, udindo wovomereza mankhwala uli m'manja mwa bungwe la ZAMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2013.

Mafuta alionse amagwira bwino nchito akadzoledwa munthu atangosamba, khungu lisanaumiretu. Ndi bwino kuyamba wapaka pang'ono pa mkono ndi kudikira tsiku lathunthu kuti aone ngati pabuka zidzolo. Amene thupi lawo limadana ndi nshawa asadzole mafuta ake. Njere za nsatsi ndi m'sanza zotsala poyenga zili ndi poizoni, choncho zisungidwe kutali ndi ana komanso ziweto.

Mafuta onsewa sateteza khungu ku dzuwa. Anthu achialubino amafunika mafuta apadera otchinga dzuwa, zipewa za khonde ndi zovala za manja aatali, chifukwa khansa ya pakhungu imawagwira mosavuta.

Chilonda chosapola, mphere, zipere kapena banga lomwe likukula si zodalira mafuta odzola. Wodwala apite msanga ku kiliniki ya kwawo, komwe angathe kumutumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata ngati pangafunike kutero.