Pamene Mseu Utsetsereka Pafuna Miyala ndi Konkire

Caka ndi caka, mvula ikayamba mu Novembala, midzi yambiri ya m'mapiri a Vubwi ndi Chadiza, ndiponso ya ku cigwa ca Luangwa, imadulidwa ku misika ndi zipatala. Kawirikawiri mseu suonongeka wonse ai. Pamaonongeka pa citunda pokha, pamene malole a feteleza ndi ambulansi zimakanika kukwera.

Cifukwa cace ncodziwika. Pa mtsetse madzi amathamanga ndi mphamvu, nakumba zigwembe mumseu. M'cilimwe namonso matayala amafukula nsangalabwi pokwera. Akatswiri a miseu amati mseu ukamakwera mamita opitirira 6 pa mamita 100 alionse, nsangalabwi sizikhalitsa, ndipo kuthiranso zina caka ciriconse nkutaya ndalama.

Komabe mseu wodutsa magalimoto owerengeka pa tsiku sufuna phula kucokera kuciyambi mpaka kumapeto. Nzeru ndiyo kulimbitsa pobvuta pokhapo.

Njira yoyamba ndiyo kuyala miyala yosema pamwamba pa mcenga. Miyala ilipo yambiri m'mapiri mwathu, ndipo nchitoyi igwirika ndi manja, motero ndalama zimatsala kwa anthu a m'mudzi. Galimoto limagwedezeka pang'ono, koma siliterereka.

Yaciwiri ndiyo konkire. Pamene ndalama zacepa, amaumba mizere iwiri yokha yopondapo matayala. Pamwamba pace amakandapo timizere topingasa kuti matayala ndi ziboda za ng'ombe zokoka ngolo zigwire.

Yacitatu ndiyo njerwa za simenti zolumana, zonga zija za Pave Zambia 2000 imene Boma linakhazikitsa mu 2013. Zikatitimira amazizula ndi kuziyalanso, koma zifuna mipanda ya konkire m'mbali ndi m'munsi kuti zisaseseleke.

Phula lopyapyala liyenera pa zitunda zosakwera kwambiri, pakuti pa mtsetse waukulu limayenderera lisanagwire.

Zonsezi nzacabe ngati madzi alibe kolowera. Ngalande za m'mbali ziyalidwe miyala, ndipo zizitsegulidwa mvula isanagwe.

Kuyambira mu 2022, pamene thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, makhonsolo ali ndi mpata wocita nchito zotere. Mafumu ndi makomiti a citukuko a m'mawodi adziwa bwino zitunda zimene zimagoneka malole. Ndizo ziyenera kukhala patsogolo polemba zofuna za dera lao.