Ulamuliro ndi Kulimbirana Mphamvu m'Nthano Zazitali Zasayansi

Mphunzitsi amene akukonzekera kuphunzitsa nthano yaitali yasayansi amakopeka msanga ndi zodabwitsa za m'nthanoyo: makina ouluka kupita ku nyenyezi, ana obadwira m'mabotolo, mizinda ya zaka zambiri zam'tsogolo. Ophunzira nawonso amakonda zomwezo, ndipo phunziro likhoza kutha osakhudza mfundo yeniyeni ya buku. Alembi ambiri a nthano zoterezi amasamutsira nkhani yao m'tsogolo kuti afunse funso lakalekale: kodi akulamula ndani, akulamula ndi chida chanji, nanga olamulidwawo akugonjeranji?

Tiyeni tiyambe ndi mabuku awiri amene alembi ake ankadziwana. Aldous Huxley anaphunzitsapo Chifalansa pa sukulu ya Eton ku England, ndipo mmodzi mwa anyamata a pasukulupo anali Eric Blair, amene dziko linadzamdziwa ndi dzina loti George Orwell. Huxley anatulutsa buku lake, Brave New World, mu 1932. Orwell anatulutsa Nineteen Eighty-Four mu 1949. M'chaka chomwecho Huxley analembera Orwell kalata yoyamikira bukulo, koma anamuuzanso kuti olamulira am'tsogolo adzaona kuti nkwapafupi kuchititsa anthu kukonda ukapolo wao kusiyana ndi kuwakwapula. Kusiyana maganizo kwa awiriwa nkokwanira kudzaza maphunziro a sabata yathunthu.

M'buku la Orwell ulamuliro waima pa mantha. Mpangankhani wamkulu, Winston Smith, amakhala mu London, m'dziko lotchedwa Oceania, pansi pa Chipani chimodzi ndi mtsogoleri wotchedwa Big Brother, amene palibe anamuonapo maso ndi maso. M'nyumba ya membala aliyense wa Chipani muli chipangizo chonga kanema chimene chimaonetsa zithunzi komanso kuona ndi kumva zochitika m'nyumbamo. Ophunzira amagwira msanga mbali imeneyi. Imene imawavuta ndi ntchito ya Winston mwini. Iye amalembanso manyuzipepala akale kuti zimene Chipani chinanena chaka chatha zigwirizane ndi zimene chikunena lero. Oceania ikasintha mdani pa nkhondo, zolembedwa zonse zimasinthidwa kuti zioneke ngati mdaniyo anali yemweyo kuyambira kale. Munthu amene akukumbukira zosiyana alibe umboni wina koma mutu wake wokha, ndipo posakhalitsa amayamba kuukayikira mutuwo.

Chida chachitatu ndicho chiyenera kutikhudza kwambiri ife aphunzitsi a chiyankhulo. Chipani chikukonza chiyankhulo chatsopano chotchedwa Newspeak, chimene mawu ake amachepetsedwa chaka ndi chaka, pofuna kuti ganizo loukira lisowe mawu olinenera. Mukhoza kuyesa zimenezi m'kalasi. Uzani ophunzira kuti alembe ndime yofotokoza mlandu umene unaweruzidwa mokondera, koma asagwiritse ntchito mawu oti chilungamo, ufulu, kulakwa kapena kukondera. Ena adzakakamira pa chiganizo choyamba. Ena ochenjera adzapeza njira yozungulira, mwina ndi mwambi, ndipo pamenepo padzabuka mtsutso wabwino: kodi kuchotsa liwu kumachotsadi ganizo? Akatswiri ambiri a ziyankhulo masiku ano amati sikulichotsa kotheratu, choncho musaumirize ophunzira kuvomereza zonse zimene buku likuopa.

Winston amagwidwa, amazunzidwa ndi O'Brien, munthu amene ankamuyesa mnzake, ndipo poopa makoswe m'chipinda cha 101 amapereka wokondedwa wake Julia. O'Brien sadzinamiza kuti Chipani chikufunira anthu zabwino. Amanena poyera kuti chikufuna mphamvu chifukwa cha mphamvu yomweyo basi. Orwell anagwirapo ntchito yaupolisi ku Burma pansi pa ufumu wa Britain kuyambira 1922 mpaka 1927, ndipo anamenya nawo nkhondo ya ku Spain mu 1937, kotero kuti za nkhanza za olamulira sanazimve ndi mphekesera.

Dziko la Huxley ndi lina. Mulibe njala, mulibe nkhondo, ndipo apolisi sasowa kumenya munthu. Ana amakulira m'mabotolo, ndipo asanatulukemo amakhala atagawidwa kale m'magulu asanu: Alpha, Beta, Gamma, Delta ndi Epsilon. Apamwamba amalamula, apansi amagwira ntchito zamanja, ndipo aliyense amaphunzitsidwa ali m'tulo, ndi mawu obwerezedwa kambirimbiri, kuti akondwere ndi gulu lake. Wina akayamba kuda nkhawa amamwa mankhwala otchedwa soma.

Pali ndime imodzi pafupi ndi chiyambi cha bukuli imene wophunzira zauphunzitsi aliyense ayenera kuiwerenga mofatsa. Makanda a gulu la Delta amaikidwa pafupi ndi mabuku a zithunzi ndi maluwa. Akangokwawira kumeneko mokondwa, amaopsezedwa ndi phokoso lalikulu ndi kugwidwa ndi magetsi. Zikabwerezedwa kokwanira, anawo amadana ndi mabuku moyo wao wonse, ndipo sadziwa kuti chidanicho chinachokera kuti. Huxley anatenga ganizoli pa ntchito ya Ivan Pavlov, amene dzina lake mumalimva m'maphunziro a kakulidwe ka maganizo a mwana. Amene akuchita zimenezi m'nthanoyi ndi olera ndi ophunzitsa ana, ndipo amazichita modzipereka, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akuthandiza dziko.

Mustapha Mond, mmodzi mwa olamulira khumi a dziko lonse, si munthu wolusa. Anawerenga mabuku oletsedwa ndipo amawasunga m'bokosi lake lachitsulo. Pokambirana ndi John, mnyamata amene anakulira kunja kwa chitukukochi ku New Mexico akuwerenga Shakespeare, Mond amavomera kuti anthu ataya luso, chipembedzo ndi sayansi yeniyeni, koma amati mtendere ndi chimwemwe zaposa mtengo umenewo. Kunena zoona, mfundo za Mond nzovuta kuzigwetsa kusiyana ndi za O'Brien, ndipo nchifukwa chake ndimaona kuti buku la Huxley limabereka mtsutso wamphamvu m'kalasi. Aliyense amakana chikoti. Koma funsani ophunzira ngati angalole kusiya ufulu wosankha kuti asadzaonenso njala kapena matenda, ndipo mudzaona kalasi ikugawanika pawiri.

Mabuku ena amaunika mbali zina za nkhani yomweyi. Mu The Time Machine, la 1895, H. G. Wells akuonetsa chaka cha 802,701, pamene ana a olemera asanduka a Eloi ofooka, ndipo ana a antchito asanduka a Morlock okhala pansi pa nthaka, amene amaweta a Eloi ndi kuwadya. Mu Fahrenheit 451, la 1953, Ray Bradbury akusimba za ozimitsa moto amene ntchito yao yasanduka kuotcha mabuku, ngakhale kuti anthu anayamba okha kusiya kuwerenga boma lisanawaletse. Dune, la Frank Herbert, la 1965, ndilo lili ndi kulimbirana mphamvu koonekeratu: mabanja achifumu akumenyanira dziko lachipululu la Arrakis chifukwa cha chuma chopezeka kumeneko kokha, ndipo Paul Atreides, amene akumasula a Fremen oponderezedwa, akuyambitsa nkhondo yoopsa kuposa imene anaithetsa. Bukuli ndi lalitali kwambiri kwa ana a sekondale, koma mphunzitsi akhoza kulisimba mwachidule.

Pophunzitsa lililonse la mabukuwa, musayambe ndi kulemba pabolodi kuti phunziro la nthanoyi ndi lakutilakuti. Ophunzira adzangokopera ndi kuloweza, ndipo mudzakhala mukuchita zomwe buku likudandaula. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litenge mutu umodzi wa buku, lipeze amene wapereka lamulo m'mutumo, amene walimvera, ndi chimene womverayo wapindula kapena waopa. Funso lomalizali ndilo amaliiwala kawirikawiri. Pambuyo pake sankhani ophunzira awiri, wina akhale Mond wina akhale John, ndipo Mond mumpatse wophunzira amene amadziwa kutsutsa kuposa onse m'kalasimo.