Kugundana kwa maatomu ozizira kwambiri

Kugundana kwa maatomu ozizira kwambiri ndi gawo la fizikisi ya quantum limene limafufuza zomwe zimachitika maatomu a gasi akakumana pa kuzizira koyandikira kwambiri absolute zero, komwe ndi −273.15 °C. Pa kuzizira kotere maatomu amayenda pang'onopang'ono ndipo amachita ngati mafunde otambalala kuposa atomu yeniyeniyo. Akagundana amamwazikira mbali zonse mofanana, moti kugundanako kumafotokozedwa ndi nambala imodzi yokha yotchedwa scattering length. Nambalayi ikakhala pamwamba pa ziro gasiyo imachita ngati maatomu ake akukankhana. Ikakhala pansi pa ziro amakokana. Ya rubidium-87 ndi pafupifupi mananomita 5.

Kugundana kwabwino ndi koipa

Kuti gasi izizire chotere, asayansi amasiya maatomu otentha kwambiri kuti athawe mumsampha wa maginito, monga momwe tiyi amazizirira nthunzi ikamachoka. Otsalawo ayenera kugundana pafupipafupi kuti agawane mphamvu imene yatsala. Uku ndiye kugundana kwabwino. Koipa ndi kumene kumataya maatomu, mwachitsanzo atatu akakumana pamodzi, awiri n'kupanga molekyu, onse n'kutuluka mumsampha.

Rubidium-87 ili ndi mwayi woti kugundana kwabwino kumachuluka. Ndi atomu imeneyi imene Eric Cornell ndi Carl Wieman anapangira Bose-Einstein condensate yoyamba ku Boulder, Colorado, mu 1995. Wolfgang Ketterle wa ku MIT anachita chimodzimodzi ndi sodium chaka chomwecho, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Caesium, imene ambiri ankaidalira poyamba, inavuta chifukwa cha kugundana koipa mpaka gulu la Rudolf Grimm ku Innsbruck linaikwanitsa mu 2002.

Ma fermion, omwe ndi mtundu wina wa maatomu, ali ndi vuto lawolawo: awiri ofanana ndendende pafupifupi sagundana n'komwe akazizira. Mu 1999 Deborah Jin ndi Brian DeMarco anasakaniza potassium-40 ya ma spin awiri osiyana kuti kugundana kupitirire.

Kusintha mphamvu ya kugundana

Chochititsa chidwi n'chakuti scattering length imatha kusinthidwa ndi maginito, njira yotchedwa Feshbach resonance, imene inaoneka mu condensate ya sodium ku MIT mu 1998. Gulu la ku Boulder litatembenuza mwadzidzidzi maatomu a rubidium-85 kuti azikokana, condensate inafinyikira mkati kenako n'kulavula maatomu ambiri kunja. Anaitcha Bosenova, poseka kufanana kwake ndi kuphulika kwa nyenyezi.