Saturniidae

Saturniidae ndi banja la agulugufe ouluka usiku, ndipo ena mwa agulugufe akuluakulu kwambiri padziko lapansi ali m'banja limeneli. Lili ndi mitundu pafupifupi 2,300. Dzinali analipereka ndi katswiri wa ku France, Jean Baptiste Boisduval, mu 1837. Agulugufewa ndi pachibale ndi Bombyx mori, amene mbozi yake imawetedwa kuti ipange ulusi wa silika. Amadziwika ndi thupi lonenepa laubweya, mutu waung'ono ndi mapiko otambalala okhala ndi madontho onga maso.

Moyo wake

Gulugufeyu amadutsa magawo anayi: dzira, mbozi, nthawi yogona, kenako gulugufe wamapiko. Kudya konse kumachitika akadali mbozi. Mboziyo imadya masamba kwa masabata angapo, n'kumafundula khungu ikamakula. Ikakhwima, mitundu ina imaluka chikwa cha silika, pamene mitundu yambiri ya mu Africa imalowa m'nthaka n'kugona momwemo popanda chikwa.

Gulugufe wamkulu amatuluka ndi pakamwa posagwira ntchito, choncho sadya. Amadalira mafuta amene anasunga ali mbozi, ndipo ambiri amafa pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri. Pa masiku ochepawa ntchito yake ndi kubereka basi. Wamkazi amatulutsa fungo loitana amuna, ndipo wamwamuna amalimva ali kutali pogwiritsa ntchito tinyanga take tooneka ngati nthenga. Jean-Henri Fabre wa ku France analemba momwe amuna ambiri a Saturnia pyri analowera m'nyumba mwake usiku, kutsata wamkazi mmodzi amene anamutsekera.

Mitundu yodziwika

Attacus atlas wa kumwera chakum'mawa kwa Asia amafika masentimita 24 akatambasula mapiko. Coscinocera hercules amapezeka ku New Guinea ndi kumpoto kwa Australia. Argema mittrei wa ku Madagascar ndi wachikasu, ndipo wamwamuna ali ndi michira ya masentimita pafupifupi 15 kumapiko akumbuyo. Mbale wake, Argema mimosae, amapezeka kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ku Brazil kuli Lonomia obliqua, amene mbozi yake ili ndi minga yaululu wolepheretsa magazi kuundana, ndipo yaphapo anthu.

Chiyambi ndi kusintha kwake

Mitundu yambiri ya banjali ili kumadera otentha a America. Magulu amene anayamba kupatukana ndi anzawo kale kwambiri, monga Oxyteninae ndi Cercophaninae, alinso komweko. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti banjali linayambira kumeneko lisanafalikire kwina.

Adani athandiza kuumba maonekedwe a agulugufewa. Mbalame ikayandikira, ena amatsegula mwadzidzidzi mapiko akumbuyo kuti madontho onga maso aja aiopseze. Michira italiitali imateteza kwa mileme, imene imasaka pomvetsera mmene mawu ake akubwerera. Mu 2015, Jesse Barber ndi anzake anasonyeza kuti michira ya Actias luna ikamazungulira pouluka imasokoneza mileme, moti imaluma mchira m'malo mwa thupi. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti michira yotereyi inayamba kangapo m'magulu osiyana a banjali.

Ubale wake ndi anthu

Ku India anthu amapeza silika wa tasar kwa Antheraea mylitta, wa muga kwa Antheraea assamensis ndi wa eri kwa Samia ricini. Ku China amaweta Antheraea pernyi pa masamba a mitengo ya oak.

Kumwera kwa Africa phindu lalikulu ndi ndiwo. Mbozi za Gonimbrasia belina, zimene zimakonda masamba a mtengo wa tsanya, zimadyedwa ndi kugulitsidwa ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Ku Malawi ndi ku Zambia anthu amatola mbozi za banjali m'nkhalango za miombo nyengo ya mvula ikayamba, n'kuzifinya, kuziwiritsa ndi kuziyanika. Kuyambira cha m'ma 1990, anthu okhala pafupi ndi malo osungira nyama zakutchire a Kasungu analoledwa kutolamo mbozizi pa nthawi yoikika.

Chiopsezo chachikulu ndi kutha kwa mitengo. Kudula mtengo pofuna mbozi za pamwamba kumachotsa chakudya cha chaka chamawa, ndipo moto wolusa wa mu Okutobala umatentha mazira ndi timbozi tating'ono. Otola akapanda kusiyako mbozi zina kuti zilowe m'nthaka, sipakhala agulugufe oikira mazira nyengo yotsatira.