Chilembo chosamveka mu "answer"

Ndili ku pulayimale ndinkalemba "anser", aphunzitsi n'kuzunguliza ndi cholembera chofiira. Ndinkang'ung'udza chamumtima: w ameneyu akudzatani, poti pakamwa samveka?

Gwero lake lili ku England, zaka zoposa 1,000 zapitazo, pomwe mawuwa ankalembedwa "andswaru". Chigawo choyamba, "and-", chinkatanthauza kutsutsa. Chachiwiricho ndi chibale cha "swear", kulumbira. Choncho zikuoneka kuti poyambirira penipeni kuyankha sikunali kungobweza mawu ayi. Kunali kuima pabwalo, wina atakuneneza mlandu, iwe n'kulumbira kuti sunachite. W wa mu "swear" uja ndi yemweyu: lilime linamutaya, cholembera chinamusunga.

Ine "answer" amandikoma kuposa "reply", mnzake wochokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, yemwe poyamba ankatanthauza kupindanso chinthu, ngati mmene tipindira nsalu. Ndipo fungo la mlandu mu "answer" silinatheretu. Mngerezi akati uje ndi "answerable", ndiye kuti zinthu zikasokonekera, amene adzaitanidwe kukafotokoza ndi iyeyo.