Ziwanda za Pansi pa Tchalitchi cha Tristram

(Gitala ikulira pang'onopang'ono)

Gitala mukuimvayi, omvera, ndi ya nsambo 12, ndipo nyimboyi adaipeka Matt Uelmen. Amene adasewerapo gemu ya pakompyuta yotchedwa Diablo akangoimva amadziwa kumene afika: Tristram, mudzi wongopeka wa nyumba zowerengeka, kumene dzuwa silituluka. Muli wosula zitsulo Griswold, sing'anga Pepin, mfiti Adria kutsidya kwa kamtsinje, ndi nkhalamba Deckard Cain itaima pachitsime. Chakumtunda kuli tchalitchi chakale, ndipo pansi pa tchalitchicho ndi pamene pali nkhani yathu.

Gemuyi idatuluka kumayambiriro kwa 1997. Adaipanga anyamata a kampani yaing'ono ya Condor ku California, motsogozedwa ndi David Brevik ndi abale awiri, Erich ndi Max Schaefer. Mu 1996 kampaniyi idasanduka Blizzard North. Brevik ankakonda magemu akale monga Rogue, Moria ndi Angband, momwe chilombo chimangokhala chilembo pasikirini, ndipo kusewera kumakhala kolandizana: iwe upondeko kamodzi, chilombo chipondeko kamodzi. Brevik ankafuna kuti Diablo ikhale chomwecho. A Blizzard, kampani imene idagwirizana nawo kuti itulutse gemuyi, adakana, nati zonse zizichitika nthawi imodzi, popanda kudikirana. Brevik adalimbalimba, koma anzake atavota adagonja. Iye mwini adafotokoza mu 2016 kuti adakhala yekha mu ofesi n'kusintha gemuyo, kenaka adadina mausi pa chiwanda cha mafupa okhaokha. Msilikali wake adayenda, n'kuchiphwanya ndi lupanga pomwepo. Kudina kumeneko ndiko kudabala mtundu wonse wa magemu amene lero ali mbwee pamsika.

(Kumveka chitseko cholemera chikutseguka)

Tiyeni titsike. Mwasankha kukhala msilikali, mkazi wa uta, kapena wamatsenga. Pansipa pali zigawo 16: zinayi za tchalitchi, zinayi za manda, zinayi za mapanga, zinayi zomaliza ndi gehena yeniyeni. Kompyuta imamanga njira zatsopano mukayamba gemu yatsopano, kotero palibe kuloweza.

Tsono imvani chimene chinkaopsa. Sikirini ya nthawiyo inkaonetsa timadontho 640 m'litali ndi 480 m'lifupi, mitundu 256 basi. Kuwala kumangozungulira munthu wanu pang'ono, ngati koloboyi m'nyumba yaikulu, kwina konseko kuli bii. Chiwanda mumayamba kuchimva musanachione, ndipo mukachiona simuchionetsetsa. Zotsalazo maganizo anu amamaliza okha, ndipo maganizo a munthu wamantha ndi mmisiri woposa wojambula aliyense.

Kuwonjezera apo, munthu wanuyo sathamanga. Amayenda basi.

Pachigawo chachiwiri pali chipinda chodzaza mitembo yopachika. Mukatsegula chitseko mumatuluka chiwanda chonenepa, chovala epuloni yamagazi, chikwanje kumanja. Dzina lake Butcher. Chimakupatsani moni wa mawu ochepa, wokuonani ngati ndiwo, kenaka chili pamsana panu. Osewera ambiri adafera pakhomo pomwepo asanamvetse chimene chawagwera. Ena adaphunzira kudzitsekera kuseri kwa mpanda wa zitsulo n'kumachilasa ndi mivi podutsitsa m'mipata. Ndi njira ya amantha, inde, koma ndani angawaseke?

Nkhani yake nayo ilibe chitonthozo. Mfumu Leoric idapenga, bishopu wamkulu Lazarus adaba mwana wa mfumuyo, Albrecht, n'kumupereka kwa Diablo, chiwanda chachikulu, kuti akhale thupi lake. Mukafika pansi penipeni n'kupha Diablo, amene wagona pamapazi panu ndi mwana uja. Ngwazi yanuyo imazula mwala umene mzimu woipawo udatsekeredwamo n'kudzibaya nawo pamphumi, poganiza kuti iugonjetsa. Diablo II, ya mu 2000, imayamba ndi kutiuza kuti ngwaziyo idalephera.

(Gitala ibwerera, kenaka izilala)

Zaka zitapita, makompyuta adakula mphamvu, ndipo mdima uja udayamba kutha. Zithunzi zoyamba za Diablo III zitaonetsedwa mu 2008, okonda gemuyi adalemba chikalata chodandaula kuti mitundu yawala kwambiri. Ataona utawaleza pa chithunzi china, mkwiyo udachita kusefukira. Opanga gemuyo adawayankha mwachipongwe: itatuluka mu 2012 adabisamo dziko la mitambo yomwetulira ndi tiakavalo tamitundumitundu.

Komabe dandaulo lija lidamveka. Mu Januwale 2017, pokumbukira zaka 20, Blizzard idaika m'kati mwa Diablo III chigawo chotchedwa Darkening of Tristram, chimene chimabwera Januwale aliyense. Adamanganso zigawo 16 zija, n'kuipitsa dala zithunzi kuti zioneke zamchengamchenga ngati za sikirini yakale, ndipo munthu wanu amangotembenukira mbali zisanu ndi zitatu monga kale. Taganizani: akatswiri olipidwa bwino kukhala pansi kufufuza njira yobwezera zilema zimene anzawo a 1997 ankalakalaka atazichotsa! Mu 2021 Diablo II: Resurrected idabwera ndi batani limodzi lokubwezerani ku zithunzi zakale gemu ili m'kati. Ngakhale ku Poland, kakampani ka Thing Trunk kadatulutsa Book of Demons mu 2018, momwe tchalitchi, ziwanda ndi ngwazi zonse n'zooneka ngati zodula pa pepala, polemekeza Diablo yoyamba.

Kwa ife, Darkening of Tristram idabweza maonekedwe, mantha idawasiya. Ngwazi ya mu Diablo III imathamanga, imalumpha, imasesa ziwanda makumimakumi ndi dzanja limodzi. Ikatsegula chitseko cha Butcher, wothawa sakhalanso wosewera ayi. Chiwandacho chimagwa chisanakweze n'chikwanje chomwe. Mchenga wa pasikirini sungabise mphamvu zoterozo.

A Blizzard adaoneka kuti adazindikira. Mu Diablo IV, ya mu 2023, Butcher alibenso chipinda chake. Amangotulukira mwadzidzidzi m'phanga lililonse, nthawi imene simukumuyembekezera, ndipo osewera ambiri a ngwazi zongoyamba kumene amasiya zonse n'kuliyatsa liwiro kulowera kukhomo.