Kukhoma bwalo la matabwa lonyamulika lophunzirira volleyball pakhomo

Mwana amene waphunzirira volleyball pabwalo la dothi amadziwika msanga: mpira ukamagwera pataliko amangouperekeza ndi maso, sadziponya pansi kuti aupulumutse. Si ulesi ayi. Nthaka ya kwa Chulu ku Kasungu ikauma m'chilimwe imalimba kwambiri, ndipo amene anasupukapo chigongono kamodzi safuna kubwereza. Dzinja likafika, bwalo lomwelo limasanduka matope.

Malamulo a bungwe la FIVB, lomwe limayendetsa masewerowa padziko lonse, amaletsa kusewerera pamalo okakala kapena oterera, ndipo pamipikisano yake ikuluikulu ya m'nyumba amangolola pansi pa matabwa kapena poyalidwa zopangidwa kufakitale. Pakhomo munthu angathe kuyandikirako pokhoma kabwalo ka matabwa kotheka kunyamula.

Kakhale kakang'onodi. Bwalo lathunthu ndi la mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi, pamene thabwa limodzi la plywood ndi la mamita 2.44 ndi 1.22. Kuti muyale lonse pangafunike matabwa 55, zomwe ndi ochepa angakwanitse, komanso n'zosafunika. Matabwa 6 amapereka malo a mamita pafupifupi 5 ndi 3 ndi theka, okwanira kuphunzirirapo kulandira mpira, kudziponya, kudumpha potchinga paukonde ndi kutera bwino.

Kalipentala akhomere thabwa lililonse felemu yakeyake ya matabwa a paini a mainchesi 2 ndi 3, yokhala ndi timitanda totalikirana masentimita 40. Plywood ikhale ya mamilimita 18. Yopyapyala imanepa ndipo imathyoka munthu akaterapo mwamphamvu. Matabwa a felemu akhale ouma, popeza aawisi amapindika akamauma ndipo bwalo limayamba kugwedera. Bulugama ndi wolimba, koma amalemera ndiponso amang'aluka pokhoma. Mitengo yachilengedwe isiyeni: yambiri inatha kale ndi zigafa za fodya, ndipo kudula m'nkhalango yoyandikana nayo ya Kasungu National Park ndi mlandu. Plywood imapangidwa m'dziko momwe muno ndi kampani ya Raiply ku Chikangawa, yomwe ndi yomweyonso yakhala ikuthandiza mpikisano wa volleyball wa dziko lonse.

Pamwamba pasapezeke msomali. Anthu akamadumpha, misomali imazuka pang'onopang'ono, ndipo mutu wake umodzi wokha ndi wokwanira kung'amba chikhatho. Gwiritsani ntchito masikuluu, mitu yake imire m'thabwa, kenako mupale paliponse ndi sandipepala. Vanishi wonyezimira amakongoletsa koma amaterera thukuta likadontherapo. Pansi pa felemu mukhomere zidutswa za matayala akutha. Zimenezi zimachepetsa mphamvu yofika m'mawondo munthu akatera, komanso zimatukula matabwa kuti asakhudze chinyezi.

Poyala, salazani malowo ndi khasu, muchotse miyala, mugundanitse zigawozo ndi kuzimanga m'mbali ndi matabwa aatali a mabawuti kuti zisatseguke mipata. Ukonde umakhala pa mamita 2.43 kwa amuna ndi 2.24 kwa akazi, ndipo muyese kuchokera pamwamba pa matabwawo, osati pa dothi. Mukalakwitsa apa, wosewera azolowera ukonde wotsika ndipo akadabwa tsiku la mpikisano.

Chifukwa chenicheni chokhomera bwalo lonyamulika ndi chiswe. Thabwa la paini losiyidwa pa dothi chimalidya mobisa kuchokera pansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino, mpaka tsiku limene phazi la mwana lidzabowola. Pakani mankhwala otetezera matabwa monga Solignum kunsi kokha, ndipo sabata iliyonse tembenuzani zigawozo muone ngati pali timizere ta dothi. Chigawo chimodzi anthu awiri amachinyamula. Mvula ikayamba cha mu Novembala, ziimikeni pansi pa denga, pamwamba pa njerwa. Chigafa chingathandize poyamba, koma fodya akayamba kuthyoledwa mwini malo amakhala wafika, choncho konzeranitu pakhonde.

M'mphepete ndimo muli ngozi imene ambiri saiganizira. Bwaloli limakwera masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa dothi, ndipo wothamangira mpira sayang'ana pansi. Akaponda theka pathabwa, theka pamphepo, bondo kapena kakolo amabinya. Unjikani mchenga kuzungulira bwalolo kuti kutsikako kukhale kwapang'onopang'ono, koma muzisesa pamwamba musanayambe kusewera, chifukwa mchenga pathabwa umatereretsa.